Kodi Pawawa Motani? Funso Loyamba la Namwino

M'masukulu ophunzitsa unamwino m'dziko muno, monga a ku Lusaka, ku Chipata ndi ku cipatala ca St Francis ku Katete, muli phunziro limodzi limene anyamata ndi asungwana amacezera nalo usiku, ndilo phunziro la mankhwala. Maina ake ndi acilendo, obvuta pa lilime, ndipo mlingo wa mtundu uli wonse uyenera kusungidwa pamtima, pakuti kuphonya pang'ono cabe kukhoza kutayitsa moyo wa munthu. Bungwe loyang'anira anamwino, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo m'caka ca 1970 ndi dzina lakuti General Nursing Council, ndipo lero lichedwa Nursing and Midwifery Council of Zambia, silipereka cilolezo ca nchito kwa munthu amene sanakhoze mayeso ake.

Cigawo ca phunziroli cimene cikhudza khomo liri lonse la kumudzi ndico ca ululu ndi mankhwala ouletsa. Nyumba yopanda kapepala ka mapiritsi kotsomekedwa ku tsindwi kapena koiwalika m'thumba la jekete njosowa masiku ano. Pa kantemba Panadol agulitsidwa pambali pa sopo ndi mcere, ndipo ngakhale mwana wamng'ono amatumidwa kukagula. Motero wophunzira watsopano amalowa m'kalasi ndi mtima wakuti izi azidziwa kale. Cimene cimamdabwitsa ncakuti mphunzitsi sayamba ndi maina a mapiritsi konse. Ayamba ndi kumphunzitsa kafunsidwe.

Cifukwa cake ndi ici. Kutentha kwa thupi kuli ndi coyesera cake, kuthamanga kwa magazi kuli ndi cake, ndipo malungo aoneka m'kadontho ka magazi a ku cala. Koma kufikira lero palibe cipangizo cimene namwino angakhazike pa thupi la munthu kuti cimuuze kukula kwa ululu. Namwino wina wochuka wa ku America, Margo McCaffery, anaphunzitsa m'caka ca 1968 kuti mboni ya ululu ndiye mwini thupi yekha, ndi kuti mau ake ayenera kukhulupiriridwa. Ciphunzitso cimeneci cinalowa m'mabuku a anamwino a maiko ambiri, ngakhale kuti makolo a kuno anali atacinena kale m'mwambi wao wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Apa ndi pamene sukulu iwombana ndi maleredwe a kumudzi. Mwana wamwamuna akula alikuuzidwa kuti mwamuna salira. Namwali alangizidwa kuti tsiku lake la kucira likadzafika asakacititse manyazi anamkungwi ake ndi kubuula. Nkhalamba ikafunsidwa kuti yagona bwanji iyankha kuti "pang'ono cabe," pamene usiku wonse yacezera kutembenuka pa mphasa. Kupirira ndi ulemu pa maliro ndi m'caka ca njala, palibe angatsutse. Koma m'cipinda ca namwino kumasokeretsa wofuna kuthandiza, ndipo wodwala abwerera kwao ndi mankhwala osayenera nthenda yake, kapena ocepa mphamvu.

Msungwana wina wa m'dera la Katete, amene anali m'caka caciwiri ca maphunziro a unamwino, anaziona izi pamene anapita kwao pa chuthi, nthawi yopalira cimanga. Anthu a m'mudzi, monga acitira ndi ali yense amene anabvalapo coyera, anali atamkweza kale kukhala dokotala. Woyamba kufika pakhomo anali malume wake, mlimi wa thonje ndi nshawa, wa zaka zopitirira 50.

"Anesi athu," anatero malume atakhala pa mpando, "tatipatsaniko Indocid uja wa kucipatala, msanawu watithyola."

Msungwana anagwada nati, "Amalume, pawawa motani? Kodi ndi powerama pokha, kapena ndi pogona pomwe? Nanga ululuwo utsikira ku mwendo? Mwamwa mapiritsi angati sabata ino, ndipo munali mutadya?"

Malume anacita tsinya, nadandaula kwa mlongo wake kuti iye anapempha piritsi koma mwana wampatsa mlandu wa pa bwalo. Komabe anayankha, ndipo m'mayankho mwake munatuluka nkhani imene sanabwere kudzanena: kuti amamwa Indocid m'mamawa asanalawe kanthu, Brufen masana ali ku munda, ndi kuti masiku amenewo pamtima panali kumuocha ndipo cimbudzi cake cinali cakuda ngati phula.

Waciwiri anali ambuya ake, amene sanapemphe kanthu. Msungwana anawapeza pakati pa usiku atabviika mapazi m'beseni la madzi ozizira. "Mdzukulu wanga," anatero ambuya, "mapaziwa ayaka ngati ndaponda makala, nthawi zina ngati linthumbu lirikuyenda m'kati. Dzinja lino nlaciwiri. Panadol ndamwa wodzaza nsengwa, koma ai ndithu."

Anthu awiriwa akanafika pa kantemba akananena mau amodzi, ndipo akanagulitsidwa cimodzimodzi. Koma ululu wao unali wa mitundu iwiri yosiyana kutali, ndipo cimene cinausiyanitsa ndi mau amene iwo eni anaufotokozera.

Mwai wake ngwakuti Cinyanja sicisowa mau otere. Munthu akati m'nthiti mulasa kapena mubaya popuma, namwino aganiza za mapapo, ndipo dzina lakuti cibayo linacokera pomwepo. Akati m'mimba mupota, kumabwera ndi kumaleka, maganizo apita ku matumbo. Akati thupi lonse laphwanya, malungo kapena cimfine ziri pafupi. Litsipa logunda mbali imodzi lisiyana ndi mutu wolemera wa munthu amene watopa kapena waswera padzuwa osamwa madzi. Kuyaka, dzanzi ndi kunyerenyetsa ziloza ku mitsempha yonyamula mauthenga a thupi. Mau onsewa ndi cuma, ndipo ncomvetsa cisoni kuti anthu ambiri amawasiya pa khomo la kiliniki, nalowa ndi liu limodzi lokha lakuti "kuwawa," poyesa kuti kulongosola ndi kutayitsa namwino nthawi. Kunena zoona, pamene mzere wafika kunja kwa mpanda, namwino nayenso amafulumiza, ndipo mlandu uli mbali zonse ziwiri.

Wophunzira auzidwa poyamba kuti ululu ndi mlonda wa thupi. Amene akaika aganize za odwala khate. Nthendayi imaononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, munthu nagwira mphika wamoto osamva, naponda munga osadziwa, ndipo zilonda zosamvekazo ndizo zimatha zala. Motero ululu wadzidzidzi, wa bala, wa dzino kapena wa fupa lothyoka, uli ndi nchito yake, ndipo umatha cilonda cikapola. Koma ulipo wina umene upitirira miyezi itatu, nthawi zina cilonda citapola kale. Umenewo sucenjezanso kanthu, ungodya munthu tulo, njala ya cakudya ndi mphamvu zolimira, ndipo madokotala amauwerenga ngati nthenda pa wokha.

Kenaka wophunzira aphunzira kusiyanitsa kumene ululu ucokera. Wa pa khungu, m'minofu ndi m'mafupa ngwoonekera poyera, munthu akhoza kuuloza ndi cala cimodzi. Wa ziwalo za m'kati sulozeka, munthu angosisita ndi dzanja lonse, ndiponso umanama malo. Mtima ukadwala mwadzidzidzi, ululu ungathe kumveka pa mkono wamanzere kapena ku nsagwada. Kathumba ka m'matumbo kochedwa apendikisi kakatupa, ululu uyamba pa mcombo, patapita maola nusamukira m'munsi ku dzanja lamanja. Mimba yokhala kunja kwa cibaliro ikaphulika, mai amva kulasa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, cizungulire, ndipo nthawi zina kuwawa pa phewa pamene sanasenze kanthu. Mtundu wacitatu ndi wa mitsempha yeniyeni, monga wa ambuya aja.

Pa ululu wa m'kati ndi pamene piritsi la pa kantemba limapha munthu mwa kumcedwetsa. Panadol atsitsa kutentha kwa mwana wa malungo, mai nayesa kuti mwana wacira, pamene tizirombo tirikuswana m'magazi. Kale madokotala ankaopa kuletsa ululu wa m'mimba asanapime wodwala, poti angabise nthenda. Lero adziwa kuti munthu amene ali kale m'manja mwao angathe kupatsidwa mankhwala popanda kusokoneza kupima. Coopsa ndi kugonera piritsi kunyumba masiku awiri, ngolo ya ng'ombe iri pakhomo.

Za mankhwala enieni, oyamba m'buku la wophunzira ndi paracetamol, amene anthu amdziwa ndi dzina la Panadol. Ngwofatsa m'cifu, aloledwa kwa ana ndi kwa amai apakati, ndipo kufatsa kwakeko ndiko kumanyenga. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, nadikira maola 4 kufikira 6, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Nkhalamba yoonda, munthu wodwala ciwindi ndi wokonda kacasu ayenera kumwa ocepera pamenepo, ndipo mwana amayesedwa monga mwa kulemera kwake pa sikelo, osati monga mwa kulira kwake. Amene wapyola mlingo kwambiri amaoneka wabwinobwino tsiku loyamba, ciwindi cirikuonongeka mwakacetecete; pofika tsiku lacitatu maso acita cikasu. Ku cipatala kuli mankhwala ochedwa acetylcysteine amene amapulumutsa ciwindi, koma mphamvu yake njaikulu ngati aperekedwa asanathe maola 8. Msampha wina ngwakuti mankhwala ambiri a cimfine ali ndi paracetamol m'kati mwake, kotero kuti munthu womwa zonse ziwiri awirikiza mlingo osadziwa.

Gulu laciwiri ndi la asipirini ndi abale ake, ndiwo ibuprofen amene ali mu Brufen, indomethacin amene ali mu Indocid, ndi diclofenac. Mbiri yao iyamba ndi khungwa la mtengo wa msondodzi, limene anthu akale a maiko a kutali ankamwa poletsa kutentha kwa thupi. M'caka ca 1897 Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer ku Germany anapanga asipirini, ndipo kugulitsa kunayamba mu 1899. Brufen anatulukira ku England mu 1969, nchito ya Stewart Adams ndi anzake. Cozizwitsa ncakuti anthu anamwa asipirini zaka 70 osadziwa m'mene agwirira nchito, kufikira 1971 pamene John Vane wa ku London anaonetsa cinsinsi cake. Pamalo pobvulala thupi limapanga timadzi tina tochedwa prostaglandin, timene timatupitsa ndi kudzutsa mitsempha, ndipo mankhwala awa amaletsa timadzi timeneti. Ndico cifukwa cake athandiza kwambiri pa kutupa, nyamakazi, dzino ndi cilonda ca m'mimba ca akazi pa mwezi.

Tsoka lake nlakuti timadzi tomweto ndito timachinjiriza cifu kuti cisadzidye cokha, ndiponso timathandiza magazi kuyenda m'impso. Piritsi silidziwa kusankha. Mlimi amene aswera ndi khasu thukuta liri kamukamu, madzi akumwa ali kutali, m'mimba mulibe kanthu, namwa awiri a gulu limodzi lomwelo tsiku ndi tsiku, alikupha impso ndi cifu pofuna kupulumutsa msana. Cimbudzi cakuda ngati phula ndi cizindikiro ca magazi otuluka m'cifu. Pa cifukwa ici wophunzira aloweza kuti mankhwala awa amamwedwa munthu atadya, mtundu umodzi pa nthawi, masiku owerengeka. Ndi kuti wa zilonda za m'mimba, wa impso, wa mtima, ena a mphumu ndi mai wa mimba yokhwima asawamwe popanda mau a dokotala. Asipirini sapatsidwa kwa mwana wosafika zaka 16, kaamba ka nthenda yoononga ciwindi ndi bongo imene dokotala Douglas Reye wa ku Australia anailongosola mu 1963.

Msungwana uja analibe cilolezo colemba mankhwala, pakuti anali wophunzira cabe. Cimene anacita ndi kupempha malume wake mwaulemu kuti aleke mapiritsi onse awiri ndi kuti kukaca apite ku kiliniki, akanene za cimbudzi cija asananene za msana. Msana wokha sunamdetse nkhawa, popeza unali kuwawa powerama ndi kuleka pogona. Ukanakhala wowawa usiku, pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda kapena kufooka kwa miyendo, akanaganiza za cifuwa cacikulu colowa m'mafupa a msana.

Za ambuya nkhani inali yina. Pa ululu wa mitsempha palibe bala kapena kutupa koti piritsi liletse. Wodwala ndi mthenga mwini wake, ngati mlonda amene aomba lipenga usiku wonse popanda mbala. Umboni wake woopsa ndi wa anthu odulidwa mwendo, amene amalira ndi cala ca phazi limene linakwiriridwa kale. Zoyambitsa zake nzambiri: matenda a shuga, kacirombo ka HIV, mashingozi, mowa wa zaka zambiri, ngakhale mankhwala ena. Stavudine, amene anali m'mankhwala oyamba otalikitsa moyo, anasiya anthu ambiri ndi mapazi oyaka, ndipo cimeneci ndi cimodzi ca zifukwa zimene anacotsedwera. Isoniazid wa cifuwa cacikulu acitanso comweco mwa ena, ndipo ndico cifukwa cake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6.

Mankhwala othandiza apa anapangidwira nthenda zina. Amitriptyline anali wa anthu obvutika maganizo, gabapentin ndi carbamazepine anali a khunyu, koma kunapezeka kuti amatonthoza mitsempha yolongolola. Namwino wosafotokoza izi amataya wodwala, pakuti mdzukulu wodziwa kuwerenga akangoona pepala, nkhani imamveka m'mudzi kuti ku cipatala ayesa ambuya amisala, mapiritsi naponyedwa m'cimbudzi. Ayeneranso kunena kuti amitriptyline amamwedwa pang'ono pogona, amaumitsa kukamwa ndi kubweretsa tulo, ndi kuti phindu lake limaoneka patapita masiku kapena masabata. Ambuya aja atatengedwa kukapimidwa anapezeka ndi shuga, imene palibe anaiganizira pa madzinja awiri.

Koma pamene kalasi imakhala cete ndi pa gulu lacitatu, la morphine. Mankhwala amenewa acokera mu utomoni wa duwa la popi, ndipo anapatulidwa ca m'ma 1805 ndi mnyamata wosakaniza mankhwala wa ku Germany, Friedrich Sertürner, amene anawacha dzina kucokera kwa Morpheus, mulungu wa maloto wa Agiriki. Sagwira pa bala, agwira m'bongo ndi mu mtsempha waukulu wa mu msana, m'malo momwe thupi lenileni limaikamo timadzi take toletsa ululu. Ndiwo a mwana wogwera pamoto, a munthu wothyoka fupa la nchafu, a wotuluka ku opaleshoni, a wodwala magazi a sickle cell pamene mafupa amubukira, ndiponso a khansa.

Khansa ya khomo la cibaliro ndiyo ipambana zonse mwa akazi a m'Zambia. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital ku Lusaka cinatsegulidwa mu 2007, koma ambiri amafika nthenda itapita patali, ndipo amabwerera ku mudzi kukatsiriza masiku ao pakati pa abale. Ululu umakwera nao basi. Amene anagonapo m'nyumba yoyandikana ndi wodwala wotere adziwa kulira kwa usiku kumene ana amathawira kwa anansi, ndipo adziwanso mau amene amanenedwa m'mawa mwake, akuti palibenso cocita.

Cocita cilipo. M'caka ca 1986 bungwe la World Health Organization linafalitsa njira imene ichedwa makwerero a mankhwala a ululu. Pa khwerero loyamba pali paracetamol ndi gulu la asipirini. Pa laciwiri, codeine ndi tramadol. Pa lacitatu, morphine. Lero wodwala wa ululu woopsa sacedwetsedwa pa makwerero a pansi, ndipo codeine sapatsidwanso kwa ana osafika zaka 12. Koma malamulo awiri a njirayi akali cikhalire. Loyamba nlakuti mankhwala amwedwe pakamwa ngati nkotheka, ngakhale kuti anthu ambiri a kumudzi akhulupirira kuti nyeleti ndiyo mankhwala enieni. Laciwiri nlakuti amwedwe pa nthawi yake, morphine wamadzi pa maola 4 ali onse, osayembekeza kuti ululu ubwerere. Mlimi ali yense adziwa kuti moto wa lupsa uzimidwa ukali m'mphepete mwa munda. Ukafika pa nkhokwe, madzi a m'mudzi wonse sakwanira.

Ciphunzitso ca kumwa pa nthawi yake cinalimbikitsidwa ndi Cicely Saunders wa ku England, amene anayamba ndi unamwino asanakhale dokotala, natsegula nyumba ya St Christopher's ku London mu 1967 yosamalira odwala osayembekezeka kucira. Iye anaonanso kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha. Mai wa kumudzi wogona pa mphasa alikuganiza za amene adzalipira sukulu ya ana, za munda wosapaliridwa, ndi za abale amene ayamba kulozana zala za ufiti pa khonde. Zonsezi zimakulitsa ululu, ndipo namwino woyenera dzina lake amakhala pansi ndi kumva, pambali pa kuyesa mlingo.

Nanga ncifukwa ninji mankhwala ochipa ndi akale cotere safika kwa owasowa? Gawo lina ndi mtunda ndi kusowa kwake m'makiliniki ang'ono, koma gawo lalikulu ndi mantha. Abale amati morphine ndi womaliza munthu. Maganizo amenewa anabadwa cifukwa cakuti kawirikawiri amaperekedwa mocedwa, tsiku lotsiriza, ndipo wodwala akamwalira anthu amaloza botolo m'malo moloza nthenda. Woperekedwa pa mlingo woyenera, wokwezedwa pang'onopang'ono, morphine amalola munthu kugona, kudya phala, kuceza ndi ana ake ndi kulongosola za cuma cake, mwina kwa miyezi yambiri.

Mantha aciwiri ndi a cizolowezi, ndipo amenewa sangatayidwe ngati nthano. Ku America, mapiritsi a gulu limeneli analembedwa mosasamala kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2021 mokha anthu oposa 100,000 anafa ndi kupyola mlingo wa mankhwala osokoneza bongo, ambiri a iwo ndi a gulu lomweli. M'mizinda ya kuno achinyamata ena amamwa tramadol ndi mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine kuti aledzere. Koma bvuto la mudzi wa mu Africa nlina. Lipoti la akatswiri la magazini ya The Lancet la 2017 linapeza kuti theka losauka la anthu a pa dziko lapansi limalandira pafupifupi gawo limodzi cabe mwa magawo 100 a mankhwala otere. Kumana mai wa khansa morphine kaamba ka zocitika ku America kuli ngati kumana mwana wanjala nsima poti kwina kuli munthu anadwala ndi kukhuta.

Dziko la Uganda linaonetsa njira. Mu 1993 dokotala Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, ndi morphine wa ufa wosungunulidwa m'madzi, wothiridwa m'mabotolo, woti wodwala amwere kunyumba. Mu 2004 boma la kumeneko linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulemba morphine, poona kuti madokotala ngocepa ndipo ali m'mizinda, pamene odwala ali ku midzi.

Udindo wake ngwolemera, ndipo wophunzira amaumva tsiku limene aona koyamba kabati yokhomedwa ndi loko, ndi buku limene anthu awiri amasaina pa mlingo uli wonse wotuluka. Aphunzira kuwerenga mpweya wa wodwala: munthu wamkulu amapuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi, ndipo wopuma mocedwa kwambiri, wosadzutsika, wa timaso takuda tocepa ngati nsonga ya singano, wapyola mlingo ndipo afunika naloxone msanga. Aphunzira kuti mseru ndi tulo za masiku oyamba zimatha, koma kudzimbidwa sikutha, motero mankhwala ofewetsa m'mimba ayenera kuyendera pamodzi ndi morphine kuyambira tsiku loyamba. Kwa abale ayenera kunena momveka kuti botolo libisidwe kutali ndi ana, lisagawidwe kwa mnansi wa dzino ngakhale alire motani, lisasiyidwe mwadzidzidzi, ndipo lotsala libwezedwe ku cipatala.

Popeza coyesera palibe, anamwino anapanga cao. M'mabuku muli mlingo wa 0 kufikira 10, ndipo kwa ana muli zithunzi za nkhope, kuyambira yomwetulira kufikira yolira. M'midzi ya mu Africa cimene cimamveka msanga ndi dzanja: nkhonya yofumbata ndi kupanda ululu, zala zisanu ndi ululu woposa wonse umene munthu anaumvapo. Nkhalamba imene singanene ndi pakamwa pamaso pa apongozi ake imatha kutambasula zala pansi pa bulangeti. Namwino akapereka mankhwala akumwa amabwerera patapita ola limodzi ndi kupempha dzanja lomwelo. Ngati zala zinali zisanu ndipo zatsala ziwiri, alemba m'buku napita kwa wina. Zikakhala zikali zinai, aitana dokotala kuti mlingo uonedwenso.